Bambo Akamalira Ana Atagona

Mayi wina wa mu mzinda uno, amene tsopano ali ndi zaka 41, adaonera filimu yotchedwa Aftersun pa foni usiku wina ana ake atagona. Adaiyamba pofuna kuti imubweretsere tulo, chifukwa mnzake wa kuntchito amene adamuuza za filimuyi adati mulibe mfuti, mulibe zothamangitsana pa galimoto, ndi nkhani chabe ya bambo ndi mwana wake wamkazi ali pa tchuthi. Itatha, tulo tidathawa. Adakhala pabalaza mpaka maminibasi oyamba adayamba kuimba mahutala kumsewu, akuganiza za bambo ake amene adamwalira iye ali mu Sitandade 7. Funso limene lidamusautsa lidali limodzi: kodi zizindikiro zonse zija zidali pamaso panga, ine n'kulephera kuziona?

Filimuyi idatuluka mu 2022. Adailemba ndi kuitsogolera ndi Charlotte Wells wa ku Scotland, ndipo idali filimu yake yoyamba yaitali. Idaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, m'dziko la France, ndipo Paul Mescal, amene adasewera ngati bamboyo, adalowa m'gulu la amuna asanu opikisana pa mphoto ya Oscar mu 2023. Wells mwini wake adataya bambo ake ali ndi zaka 16, ndipo wakhala akufotokoza kuti zochitika za m'filimuyi n'zopeka koma chisoni chimene chili m'menemo n'chake.

Nkhani yake ndi yaifupi. Sophie, mtsikana wa zaka 11, amakhala ndi mayi ake ku Edinburgh. Bambo ake, Calum, adasiyana ndi mayiwo ndipo amakhala ku London. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, awiriwa akupita kutchuthi m'mphepete mwa nyanja ku Turkey, mu hotela yotsika mtengo imene mbali ina akuimangabe, moti phokoso la amisiri silitha. Calum akwanitsa zaka 31 ali komweko. Ndi wamng'ono kwambiri kwakuti achinyamata ena akumuyesa mchimwene wake wa Sophie. Ali ndi kamera ya vidiyo, ndipo akujambulana. Patapita zaka pafupifupi 20, Sophie, amene tsopano wafika pa msinkhu umene bambo ake adali nawo ndipo ali ndi khanda lake, akuonera matepi aja yekha m'nyumba. Calum kulibe. Filimuyi sinena kuti adapita kuti, kapena kuti adamwalira bwanji, koma munthu wamkulu aliyense amene akuonera amamva m'mtima kuti tchuthi chimenechi chidali chomaliza.

Zimene Sophie wamng'ono akuona ndi bambo wachikondi. Akumudzoza mafuta pamsana kuti khungu lisapse ndi dzuwa, ndipo dzina la filimuyi lachokera ku mafuta odzola munthu akachoka padzuwa. Akumuphunzitsa kupulumuka ngati munthu wamugwira mkono. Akumuuza kuti akadzakula azidzamuuza chilichonse, za anyamata kaya za maphwando, popanda mantha. Sophie atagwetsera m'nyanja magalasi osambira odula, Calum akuugwira mtima ngakhale zikuonekeratu kuti zamupweteka.

Koma woonera akuona zina. Calum ali ndi chikhakha pamkono, ndipo sakufotokoza bwino za mmene adavulalira. Mwana akagona amatuluka pakhonde kukasuta fodya, akugwedezeka yekha mumdima. Akudutsa msewu patsogolo pa basi osacheuka. Pali pena pamene akuoneka ataima pamwamba pa chitsulo chotchinga khonde, manja atatambasula. Tsiku lina Sophie, atagona pabedi, akufotokoza kuti nthawi zina akabwera kunyumba pambuyo pa tsiku labwino amangomva kufooka ndi kukhumudwa kosadziwika chiyambi chake, ngati thupi likumira. Calum ali m'bafa akutsuka mano. Akumuyankha mwansangala, kenaka akulavulira chithunzi chake pagalasi. Mwanayo sakuona zimenezo, chifukwa pakati pawo pali khoma. Bambo uja wamva mwana wake akutchula matenda ake omwe, ndipo mantha amugwira kuti mwina wamupatsira.

Apa ndi pamene mayi uja adaimitsa filimu koyamba. Bambo ake adali kalaliki pa kampani ina imene idatsekedwa m'zaka zomwezo za m'ma 1990. Ana sadauzidwe. Kwa miyezi ingapo bambowo ankadzukabe m'mamawa, kumanga tayi, kupukuta nsapato ndi kutuluka ngati akupita kuntchito, ndipo madzulo ankabwera ndi kajumbo ka mabanzi. Usiku ankatulutsa mpando pakhonde n'kukhala ndi wailesi pamwendo. Patapita zaka zambiri ndi pamene mayiyu adazindikira kanthu kena m'chikumbukiro chimenecho: wailesiyo sinkalira. Ankangoigwira. Iye ankawadutsa popita kukataya madzi otsukira mbale, nawo ankamufunsa za masamu, basi.

Kodi mwana wotere ali ndi mlandu? Yankho lachangu ndi lakuti ayi, ndipo ndi loona, koma likanenedwa mwachangu silithandiza. Munthu amene wanyamula funso limeneli kwa zaka 30 amadziwa kale kuti adali mwana. Chimene chimamuvuta n'chakuti maso ake adaonadi. Wailesi yosalira ija adaiona, n'chifukwa chake akuikumbukira. Ndiye amadzifunsa kuti ngati ndidaona, bwanji sindidamvetse?

Pakati pa kuona ndi kumvetsa pali zaka. Mwana wa zaka 11 akaona bambo ake ali phee pakhonde amati atopa, chifukwa kutopa ndi kumene iye akukudziwa. Kuti adziwe kuti munthu angathe kukhala pakati pa anthu omukonda n'kumalakalaka kusadzuka mawa, ayenera kuti alipireko lendi, achotsedweko ntchito, aoneko mwana wake akudwala m'thumba mulibe kanthu. Nzeru imene Sophie wamkulu akuonera nayo matepi aja waigula ndi zaka 20 zimene bambo ake sadakhale nawo. Akamadziimba mlandu, ndiye kuti akutenga nzeru ya munthu wa zaka 31 n'kukaweruza nayo mtsikana wa zaka 11, amene sakadaipeza kwina kulikonse. Filimuyi yachita bwino posaika mawu amenewa m'kamwa mwa aliyense. Ikungoonetsa Sophie wamkulu m'chipinda chovinira chamdima, magetsi akuthwanima, akuyesa kufikira bambo ake amene akuoneka kamphindi n'kusowanso.

Komabe pali malo amodzi pamene nkhaniyi siisalala chotero. Usiku wina ku hotela kuli zoimba, ndipo Sophie walembetsa kuti iye ndi bambo ake akaimbe limodzi nyimbo ya gulu la R.E.M. yotchedwa Losing My Religion. Calum akukana. Mtsikanayo akuimba yekha pamaso pa anthu, mawu akunjenjemera, akuyang'ana bambo ake amene angokhala pampando. Atabwerera, Calum akunena kuti angathe kumulipirira maphunziro a kuimba. Sophie, wopwetekedwa mtima, akuwauza kuti asiye kulonjeza zinthu zimene alibe ndalama zake. Mawuwo ndi oona, ndipo alasa pabala penipeni. Usiku womwewo Calum akuyenda yekha mpaka kunyanja, n'kulowa m'madzi mumdima.

Mayi uja nayenso ali ndi mawu ake. Adawauza bambo ake, alendo ali pomwepo, kuti abambo a anzake akalonjeza nsapato za kusukulu amagula. Bambowo adangoseka, alendo nawo adaseka. Patapita miyezi yochepa kudali maliro.

Mawu otere chikumbukiro sichiwataya. Chimataya masiku mazanamazana amene mwanayo adathamangira bambo ake kumsewu n'kuwalandira kajumbo, koma chiganizo chimodzi chija chimachisunga ngati kalata ya kukhoti. N'zoona kuti ana amalasa ndi mawu, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti salasa. Koma mawu a mwana wokwiya amanenedwa m'nyumba iliyonse, m'sabata iliyonse, ndipo abambo ambiri amawamva, n'kupsa mtima kapena kuseka, mawa lake n'kuiwala. Ngati mawu otere agwetsa munthu, ndiye kuti munthuyo adali atadyeka kale mkati, ngati mtengo wa chiswe umene umagwa ndi kamphepo kamene mitengo ina sikuimva. M'filimumo Calum mwini wake ndi amene akupepesa tsiku lotsatira, ali pa malo osambira matope, ndipo akubwereza kupepesako ngakhale mwanayo akuti zilibe kanthu. Iye akudziwa kumene kuli cholakwa cha usiku uja.

Funso lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba, chifukwa likukhudza bamboyo. Kodi Calum, pobisa ululu wake, adamunamiza mwana wake kapena adamukonda? Pali anthu amene amati chikondi chenicheni sichibisa kanthu, ndipo kuti bambo amene amaseka masana n'kumalira usiku akupatsa mwana wake munthu wongopeka. Mawu amenewa ali ndi mphamvu yake. Sophie wamkulu akuvutika chifukwa sakudziwa kuti mwa zimene adaona, zenizeni ndi ziti. Tsiku lokumbukira kubadwa kwa Calum, Sophie akupempha alendo anzawo kuti awaimbire nyimbo bambo ake. Iwo akuyang'ana ali chiimire pamwamba, nkhope yosasonyeza kanthu. Chithunzi chotsatira ndi cha Calum ali yekha m'chipinda, atakhala pabedi, akulira mosisima, msana wokha ukuoneka. Munthu angafunse kuti Calum weniweni ndi uti, wodzoza mafuta uja kapena wolira uyu.

Onse awiri ndi enieni, ndipo apa ndi pamene anthu ofuna choonadi chonse amalakwitsa. Dzanja limene lidadzoza mafuta silidali kuchita sewero. Munthu amene m'mutu mwake muli mdima wotere, koma akudzuka, akuyitanitsa bedi lachiwiri kuti mwana agone bwino, akuonetsetsa kuti mwanayo wadya, akugwira ntchito yaikulu kuposa bambo wathanzi amene akuchita zomwezo. Ndiponso mwana wa zaka 11 si munthu womusenzetsa mawu akuti bambo ako sakufunanso moyo. Akadauzidwa, akadatani nawo? Akadayamba kulondera bambo ake usiku, kuwerenga nkhope yawo m'mawa uliwonse, kudziyesa mlonda wa moyo wa munthu wamkulu. Pali ana ambiri amene akukula chotero, ndipo ubwana wawo umatha msanga. Calum adayesetsa kuti Sophie akhalebe mwana kwa masiku amenewo, azisewera m'madzi ndi kuchita chidwi ndi achinyamata okulirapo. Bambo a mayi uja adayesetsa zomwezo ndi tayi ndi mabanzi.

Ngakhale adayesetsa, chinsinsicho chidatayikira ndithu. Usiku wa kunyanja uja Sophie akupeza chipinda chokhoma, akugona pa mpando pa malo olandirira alendo, mpaka wantchito wa pa hotela akudzamutsegulira. Akupeza bambo ake atagona chafufumimba pabedi, ali maliseche. Sakukuwa, sakuwadzutsa. Akutenga nsalu n'kuwafunditsa. Mkhristu amene amadziwa buku la Genesis sangalephere kukumbukira Nowa ataledzera m'hema mwake, ndi ana ake awiri, Semu ndi Yafeti, amene adalowa chambuyo atanyamula chofunda kuti asaone maliseche a bambo awo. Koma Semu ndi Yafeti adali amuna akuluakulu, okwatira, ndipo adali awiri. Sophie ndi kamtsikana, ali yekha, m'dziko lachilendo, pakati pa usiku. Wachita chinthu chaulemu, koma si iye amene amayenera kukhala pamenepo.

Ndipo vuto lenileni lili pamenepa. Kubisira mwana sikudali kulakwa. Tsoka lake n'lakuti m'filimu yonseyi Calum alibe munthu wamkulu ndi mmodzi yemwe womuuza. Mayi ake a Sophie amalankhula nawo pa foni mwaulemu, ndipo amatsanzikana ndi mawu achikondi, koma zimathera pomwepo. Kwawo ku Scotland akuti samvanso kuti ndi kwawo. Za makolo ake, woonera akumva kanthu kamodzi kokha. Sophie atamufunsa za pamene iye adakwanitsa zaka 11, Calum akuyamba wamuuza kuti azimitse kamera, kenaka akufotokoza kuti tsiku limenelo palibe amene adalikumbukira, ndipo atawakumbutsa, mayi ake adamukoka khutu n'kuuza bambo ake kuti apite naye kusitolo akasankhe chidole. Munthu yekhayo amene Calum akumutsegulirako mtima ndi mnyamata wophunzitsa alendo kusambira pansi pa nyanja, munthu woti sadzaonananso naye. Akumuuza mocheza kuti sadziona akufika zaka 40, ndipo akudabwa kuti adafika 30. Mnyamatayo alibe chochita nawo mawuwo. Boti likupitirira.

Nkhaniyi ikuchitikira ku Turkey, anthu ake ndi a ku Scotland, koma mwamuna wosowa womuuza ndi wodziwika kuno. Mnyamata akagwa n'kuyamba kulira amauzidwa kuti mwamuna salira. Pa maliro amayi amakhala m'nyumba, akulira mokweza ndi kugwirana, pamene abambo amakhala panja mozungulira moto, akukamba za mpira, za mtengo wa feteleza ndi za amene abweretse galimoto. Mwambowu uli ndi nzeru zake, pakuti manda ayenera kukumbidwa ndipo bokosi liyenera kugulidwa. Koma zotsatira zake n'zakuti bambo angathe kukhala ndi anzake makumi awiri a ku bawo, a kuntchito, ngakhale a ku bungwe la amuna kutchalitchi, popanda mmodzi amene angamuuze kuti usiku sagona. Malipoti a apolisi m'dziko muno akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti mwa anthu odzipha, ambiri ndi amuna.

Usiku wa ku Getsemani, Yesu sadauze khamu la anthu za chisoni chake, ndipo sadachisenzetse ana aja amene ankawadalitsa. Koma sadachisungenso yekha. Adapatula amuna atatu, Petro, Yakobe ndi Yohane, n'kuwauza poyera kuti mtima wake wadzaza ndi chisoni chofa nacho, nawapempha kuti akhale maso pamodzi naye. Atatuwo adagona. Nkhani imeneyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo abambo a m'mipingo amakhudzidwa ndi zonse: kulimba mtima kotchula chisoni kwa anzako, ndi manyazi a mnzako amene adauzidwa n'kugona. Kuvutika maganizo ndi matenda, ali ndi chithandizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha boma cha matenda a maganizo ku Zomba, amagwira ntchito imeneyi. Koma munthu wodwala chotere kawirikawiri safika yekha pakhomo la chipatala. Amafika ndi mnzake amene adaona kuti wailesi siikulira.

Filimuyi, monga tanenera kale m'mwambamu, sinena kuti Calum adadzipha, ndipo si bwino kuikakamiza kunena zimene yasiya dala. Banja la mayi uja nalonso silidanene. Pa maliro adangoti bambo adadwala mwadzidzidzi, ndipo nkhaniyo idatsekedwa. M'mabanja ambiri achikhristu chete wotere amachokera ku mantha akuti wakufayo adatayika kwamuyaya ndipo Mpingo udamukana. Mantha amenewa ali ndi chiyambi chake, chifukwa malamulo a Mpingo a 1917 ankaletsa mwambo wa maliro achikhristu kwa munthu amene wadzipha mwadala. Malamulo a 1983 adachotsa anthu otere pa mndandanda umenewo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene adatuluka mu 1992, akuphunzitsabe kuti moyo ndi wa Mulungu ndipo kudzipha n'kulakwa kwakukulu, koma pa ndime 2282 ndi 2283 akuonjezera kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo, nkhawa yoopsa kapena mantha aakulu zingathe kuchepetsa mlandu wa munthuyo, kuti Akhristu asataye chiyembekezo pa chipulumutso chake, ndiponso kuti Mpingo umawapempherera anthu otere. Pali amasiye ambiri amene akalamba osamva ndime ziwiri zimenezi.

Chatsala ndi funso la chochita nacho chikumbukiro. Lamulo lachinayi la kulemekeza bambo ndi mayi silithera kumanda, koma anthu ambiri amaganiza kuti kulemekeza wakufa ndiko kumuyeretsa. Mbiri ya womwalira imene imawerengedwa pa maliro imakhala ya munthu wopanda banga: adabadwa chaka chakuti, adagwira ntchito kwakuti, adali wokonda anthu, wasiya ana angapo. Mwana amene adakula naye amamvetsera n'kumadabwa kuti akunena za ndani. Ena amapita mbali inayo, n'kusunga mkwiyo wokhawokha: adatisiya, adali wofooka, sadatiganizire. Njira zonse ziwirizi zimapeputsa ntchito, chifukwa zimachotsa theka la munthuyo.

Agustino Woyera adachita zosiyana. M'buku lake lotchedwa Confessions, anthu amakumbukira kwambiri mayi ake, Monika, amene adamwalira ku Ostia mu 387. Koma bambo ake, Patricius, alimonso. Agustino sakubisa kuti adali munthu wopsa mtima msanga ndiponso wosakhulupirika m'banja. Sakubisanso kuti bambo yemweyo, ngakhale sadali wolemera, adadzimana kuti mwana wake akaphunzire kutali, kuposa mmene ankachitira anthu ena achuma a m'tauni yawo. Patricius adabatizidwa chakumapeto kwa moyo wake, ndipo adamwalira Agustino ali ndi zaka pafupifupi 17. Pomaliza gawo lachisanu ndi chinayi la bukuli, Agustino akupempha owerenga kuti pa guwa azikumbukira Monika pamodzi ndi Patricius. Sadadikire kuti amvetse bambo ake kaye, kapena kuti awakonze, asanatchule dzina lawo pamaso pa Mulungu.

Sophie alibe guwa m'filimuyi, ali ndi matepi, ndipo matepiwo ndi osakwanira. Zinthu zofunika kwambiri zidachitika kamera itazimitsidwa kapena iye ali m'tulo. Woonera watcheru amafika pozindikira kuti zithunzi zina, monga za kulira kuja ndi za kunyanja usiku, Sophie wamng'ono sakadaziona. Ndi Sophie wamkulu amene akuzilumikiza, akuyesa kudzaza mipata ndi zimene moyo wamuphunzitsa. Ena angati kumeneko n'kupeka. Koma mwana aliyense wamasiye amachita zomwezo, ndipo palibe njira ina yofikira kholo limene lidapita. Chofunika n'chakuti zimene akulumikizazo zimuyandikitse kwa munthu weniweniyo, wolira ndi wodzoza mafuta yemwe.

Pali chinthu chimodzi chogwirika chimene chatsala. Ali ku Turkey, awiriwa akulowa m'sitolo ya makapeti, ndipo Calum akukopeka ndi kapeti ina ya mtengo wa mapaundi 850, ndalama zimene iye alibe. Akutuluka osagula. Pambuyo pake akubwererako yekha, n'kuigula, n'kugonapo. Munthu wosamala ndalama angapukuse mutu, ndipo sangalakwe. Koma pamene Sophie wamkulu akudzuka usiku m'nyumba mwake, mapazi ake akutera pa kapeti yomweyo. Kaya Calum adaigula modziwa kuti akusiya cholowa, kaya idali ngongole chabe ya munthu wosokonezeka, filimuyi siinena, ndipo Sophie sangadziwe. Amangopondapo tsiku lililonse.

Usiku womaliza wa tchuthi Calum akukokera Sophie pabwalo kuti avine, nyimbo ya Queen ndi David Bowie yotchedwa Under Pressure ikulira. Mwanayo akukana kaye mwamanyazi, kenaka akuwakumbatira bambo ake, maso atatseka. M'mawa mwake ali pa bwalo la ndege. Calum akujambula Sophie akubayibitsa, akubisala, akutulukiranso, akubayibitsanso. Mwanayo atapita, iye akutseka kamera, akutembenuka, akuyenda yekha m'khonde lalitali, n'kulowa pa zitseko zimene kuseri kwake kuli mdima ndi magetsi othwanima aja.

Loweruka lotsatira, mayi uja adakwera minibasi kupita kwa azakhali ake, mlongo wawo wa bambo ake, amene tsopano ndi okalamba ndipo amayenda ndi ndodo. Atamwa tiyi, adafunsa funso limene sadafunsepo chiyambire.

"Azakhali, miyezi ija ntchito itatha, abambo ankapita kuti m'mawa uliwonse?"

Azakhaliwo adakhala chete kwa kanthawi, akusalaza chitenje pa maondo.

"Ankabwera kuno, mwana wanga. Ankavula tayi n'kuipachika pa msomali uwo, n'kugona pamphasa tsiku lonse, nkhope kukhoma. Nsima ankangoigwiragwira. Ikamakwana folo ankasamba m'maso, n'kumanganso tayi. Ndalama ya mabanzi ndinkawapatsa ndine."

"Ndiye inu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa za ntchito. Zinazo ndinkaziona, koma adandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale mayi ako, ngakhale abambo mfumu. Ine ndinkati ndikuwasungira ulemu achimwene anga."

Adatembenuka kuyang'ana msomali uja, umene tsopano pamapachikidwa kalendala ya parishi.

"Mpaka lero ndimadzifunsa," adatero azakhaliwo, n'kumuthiriranso tiyi.